Kwa wophunzira wa chaka choyamba amene akusowa anzake pamene nthawi ikumuthawa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene wangoyamba kumene maphunziro ake ku University of Malawi ku Zomba, kuja ambiri timakutchabe kuti ku Chanco ngakhale kuti dzina la Chancellor College linatha m'chaka cha 2021. Iye analemba kuti anachokera kusekondale yoyendera ya kumudzi, sanapeze malo m'mahositelo ndipo akuchita lendi ku Chikanda, dera loyandikana ndi sukuluyi, komanso kuti patatha masabata asanu alibe munthu amene angamutche mnzake, pomwe ntchito ziwiri za m'kalasi wazipereka mochedwa. Funso lake linali lakuti ayambe ndi chiti: kufunafuna anzake, kapena kudzitsekera m'chipinda n'kulimbikira mabuku.

Achemwali, mavuto awiri amene mwatchulawa ali ndi muzu umodzi. Kusekondale belu ndi limene linkakuuzani nthawi yolowa m'kalasi ndi yowerenga, ndipo mukajomba aphunzitsi ankadziwa tsiku lomwelo. Kuyunivesite kulibe belu, ndipo mphunzitsi amene akuyankhula kwa anthu odzaza holo sangazindikire kuti inu palibe. Chimene chimalowa m'malo mwa belu ndi anthu amene mumayenda nawo, pakuti iwo ndi amene adzakugogoderani pachitseko m'mawa, kapena kukuitanani kokacheza madzulo a tsiku limene munayenera kumaliza ntchito.

Ine ndili m'chaka choyamba ndinkakhala kumbuyo kwenikweni ndipo ndinkatuluka msanga kalasi ikangotha, chifukwa ndinkachita manyazi ndi Chingerezi changa. Tsiku lina mayeso apakati pa semesita anasunthidwa kuchoka Lachisanu kubwera Lachitatu, uthenga unadutsa pakamwa pa anzanga, koma kwa ine sunafike popeza panalibe amene ankadziwa kumene ndinkakhala. Ndinafika Lachisanu ndi zolembera ziwiri m'manja, n'kupeza chipinda chili gwa, ndipo malikisi amenewo ndinawalira semesita yonse. Masiku ano uthenga wotere umadzera pagulu la WhatsApp la kalasi, komabe foni ikatha moto magetsi atazima, kapena bandulo ikakutherani, amene amakupulumutsani ndi munthu wokumbukira kuti simunaumve.

Choncho musayambe ndi kufunafuna mnzanu wapamtima, chifukwa ameneyo amabwera pang'onopang'ono ndipo sakakamizika. Yambani ndi anthu awiri kapena atatu a m'kalasi mwanu amene mwaona kuti amafika msanga ndiponso amalemba notsi, ndipo muwafunse kanthu kakang'ono kokhudza phunziro la tsikulo. Funso lotero silichititsa manyazi ngati mmene kupempha ubwenzi kumachitira, komanso limakupatsani chifukwa chokumananso mawa lake. Mukagwirizana zowerengera limodzi, sankhani tsiku ndi ola losasintha, mwachitsanzo Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo ku laibulale, ndipo aliyense azibwera atakonzeka kufotokoza mutu umodzi. Gulu likapitirira anthu asanu limasanduka bwalo la macheza, ndipo kumeneko ndingakulangizeni kuti mutulukemo mwaulemu. Magulu a mapemphero monga SCOM, YCS, CCAPSO kapena bungwe la ophunzira achisilamu ndi malo abwino odziwirana ndi a zaka zapamwamba, amene amakhala ndi mapepala a mayeso akale, koma lowani limodzi lokha, chifukwa misonkhano ndi makwaya zimadya nthawi yambiri.

Pa nkhani ya dongosolo, chida chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi kope limodzi lachikuto cholimba. Kumayambiriro kwa semesita mphunzitsi aliyense amapereka ndondomeko ya phunziro lake, mmene mumakhala mitu, mabuku oyenera kuwerenga ndiponso kagawidwe ka malikisi pakati pa ntchito zapakati pa semesita ndi mayeso omaliza. Ambiri amaijambula pafoni n'kuiiwala. Inu muitenge ndondomeko ya phunziro lililonse, mukopere masiku onse operekera ntchito patsamba limodzi motsatana, ndipo pambali pa tsiku lililonse mulembe tsiku lanulanu limene lili masiku atatu m'mbuyo mwake. Masiku atatu amenewo ndi a malungo, a maliro, a magetsi ozima ndi a mzere wautali kosindikizitsa mapepala. Lamulungu madzulo muzitsegula kopelo kwa mphindi 20, n'kusankha ntchito zitatu zikuluzikulu za sabata imene ikubwerayo. Maola a pakati pa makalasi musamabwerere ku Chikanda, pakuti ulendo wopita ndi kubwera, makamaka nyengo ya mvula, umameza ola limene mukanawerenga mutu wathunthu.

Ndalama nazo zimakhudza zonse ziwiri. Ngati mukudalira ngongole ya bungwe la boma lobwereketsa ophunzira a sukulu zaukachenjede, limene linayamba ntchito m'chaka cha 2015, kapena zimene makolo amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, patulani za lendi, ufa ndi makala tsiku lomwe zafika. Kuphika mosinthana ndi mnzanu mmodzi wa pamalo pamene mukukhala kumapulumutsa makala ndi nthawi, ndipo maubwenzi ambiri okhalitsa amene ndimawadziwa anayambira pambaula. Koma mugwirizane poyera za ndalama zogulira ndiwo kumsika wa Mpondabwino musanayambe, chifukwa ngongole zing'onozing'ono zosanenedwa ndi zimene zimadanitsa anthu ogona chipinda chimodzi.

Ntchito ziwiri zimene mwapereka mochedwazo musazisiye choncho. Pitani kwa aphunzitsi ake pa nthawi imene amalandira ophunzira ku ofesi, mufotokoze mwachidule popanda kudzikhululukira kwambiri, ndipo mufunse kuti malikisi amene atsala m'phunzirolo ndi angati. Ngati mukuopa kupita nokha, pemphani woimira kalasi yanu kuti akuperekezeni, ndipo pobwerera mumufunse ngati akudziwa ena a m'kalasimo amene amakhala ku Chikanda, kuti Lolemba m'mawa mudzatsike nawo limodzi.