Fomu tinaimasulira m'Chichewa, koma alimi akuisiyira panjira

Funso: Bambo amisiri, ndine mlembi wa gulu la alimi a mbatatesi kuno ku Bembeke. Tili ndi fomu ya pa intaneti pomwe munthu amalemba dzina ndi imelo kuti tizimutumizira mitengo ya pamsika. Inali m'Chingerezi, ndiye mphwanga anaimasulira ndi Google Translate. Anthu akuiyamba koma osaimaliza. Tilinso ndi ogula ochokera tsidya la Mozambique. Tichite chiyani, ndipo tiwonjezerepo Chipwitikizi?

Yankho: Zikomo mayi. Mphwanuyo sanalakwitse. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014 ndipo imathandiza poyambira. Koma ndikukhulupirira kuti anamasulira mawu okhawo amene amaoneka fomu ikangotseguka. Fomu imakhalanso ndi mawu obisika, amene amatuluka pokhapokha munthu akalakwitsa, ndipo apo m'pamene mlimi amafunikira chilankhulo chake kwambiri.

Yesani nokha lero. Siyani bokosi limodzi osalemba kanthu, mudine batani lotumizira. Mwina mutulukira kauthenga ka Chingerezi. Kauthengako kawirikawiri sikachokera mu fomu yanu, kamachokera mu Chrome kapena pulogalamu ina yotsegulira intaneti, ndipo kamatsata chilankhulo cha foniyo. Wokonza fomu ayenera kulemba ake a Chichewa m'malo mwake, onena chimene chalakwika ndi chochita: "Nambala yaperewera, ionjezereni." Amasulirenso uthenga wotsimikiza umene umabwera munthu akamaliza. Mlimi akalandira uthenga wa Chingerezi womuuza kuti adine penapake, amauyesa wa akuba ndalama za m'foni, ndipo sindingamunene, chifukwa uthenga wachinyengo wachuluka.

Tsopano nkhani yaikulu, imene kumasulira sikungaithetse: mukupempha imelo kwa anthu amene sagwiritsa ntchito imelo. Ambiri amene amabwera ndi mafoni kuti ndiwakonzere ali nayo Gmail, inde, koma inatsegulidwa ndi mnyamata wa pamsika tsiku logula foni, kuti alowetse WhatsApp. Mwini foni sadziwa adilesi yake, mawu achinsinsi ndiye osanena. Akafika pa bokosi la imelo amaima pomwepo. Ikani nambala ya foni patsogolo, imelo ikhale ya amene akufuna, ndipo mulembe poyera kuti atha kuidumpha.

Bokosi la nambalalo lilandire manambala momwe anthu amalembera: 088 ya TNM, 099 ya Airtel, kapena yoyamba ndi +265 popanda ziro. Lilandirenso +258. Kuyambira pa boma la Dedza kutsika mpaka ku Lizulu msewu wa M1 umayenda m'mbali mwa malire, ndipo ogula anu atsidya ali ndi makadi a Movitel kapena Vodacom. Fomu yokana manambala amenewa yawathamangitsa isanawalankhule n'komwe.

Onaninso bokosi la dzina. Mafomu ambiri opangidwira kunja amakana kachizindikiro kamene timalemba mu ng'ombe kapena ng'oma, choncho munthu amene dzina lake lili ndi ng' amauzidwa kuti dzina lake ndi lolakwika. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa munthuyo walemba bwinobwino. Chilembo cha ŵ nachonso chimafuna kusamala. Fomu ndi posungira maina zikhale pa UTF-8, njira ya kompyuta yosungira zilembo za mitundu yonse. Zikasemphana, mukatsegula mndandanda mu Excel mupeza Malaŵi wasanduka MalaÅµi.

Ngati mitengo muzitumiza pa SMS, dziwani ichi, chifukwa chikukhudza thumba la gulu. SMS imodzi imanyamula zilembo 160. Mukangoikamo ŵ mmodzi yekha, uthenga wonse umasinthira ku kalembedwe kena konyamula zilembo 70 zokha, ndiye uthenga umene unali umodzi mulipira awiri kapena atatu. Zilembo za Chipwitikizi monga ã ndi õ zimachita chimodzimodzi. Mu SMS lembani w wamba, palibe amene asokere.

Za Chipwitikizi, musathamange. Anthu a ku Angónia, tsidya la Mozambique, amalankhula chilankhulo chomwechi chimene tikulankhula ife, ndipo pamsika mumamvana popanda womasulira. Koma amene anapita kusukulu kumeneko anaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi, ndiye ena Chichewa cholemba chimawachedwetsa. Afunseni ogula anuwo akabwera kudzatenga matumba. Akati akuchifuna, pezani mmodzi wa iwo awerenge zimene makina amasulira musanaziike. Posankhira chilankhulo pakhale pamwamba penipeni, palembedwe Chichewa, English, Português, chilichonse m'dzina lake. Musaike mbendera, chifukwa mbendera ya Mozambique sikuuzani ngati munthuyo akufuna Chipwitikizi kapena Chinyanja. Wokonza fomu aike chizindikiro cha chilankhulo, ny pa Chichewa ndi pt pa Chipwitikizi, kuti foni isamayese kumasuliranso zomasulira kale.

Chiganizo chopempha chilolezo musachisiyire makina. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo munthu ayenera kumvetsa chimene akuvomera. Lembani mwachidule kuti nambala muigwiritsa ntchito potumiza mitengo basi, simuipereka kwa wina, ndipo akafuna kusiya achite chakuti.

Zonsezi zikatha, musayesere pa kompyuta. Mawu a Chichewa amatalika kuposa a Chingerezi, ndipo pa kafoni ka itel batani limatha kudula mawu pakati. Tengani fomuyo kumsonkhano wa gulu, mupatse amayi awiri kapena atatu achikulire alembe pa mafoni awo, inu mutakhala chete pambali osawathandiza. Pamene chala chaima, lembani bokosilo papepala, mukamupatse mphwanuyo akonze.