Pampu ikungoyaka nkuzima, kodi ndigule ina? Yankho kwa bambo a ku Matawale

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Matawale konkuno ku Zomba, dzina sinditchula. Nkhani yawo mwachidule ndi iyi: ali ndi mjigo pakhomo, pampu yamagetsi ili pansi m'madzimo, kuseri kwa nyumba kuli kathanki kabuluu ka malita 24 komwe kali ndi geji yoonetsa presha komanso kaswitchi ka presha. Zaka zapitazi zonse zimayenda bwino koma pano munthu akangotsegula mpope kuti asukusule, kaswitchi kaja kakungoti tcha, tcha, pampu kuyaka nkuzima, kuyaka nkuzima, madzi a mu shawa akubwera mwamphamvu kenako nkufooka. Usikunso anthu onse atagona akumakamva kakulira mwa apo ndi apo. Mayunitsi akutha msanga. Pulambala wina wawauza kuti pampu yatopa, agule ina, ndiye akufunsa ngati agule.

Bambo, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Pampu yotopa sichita chonchi ayi. Yotopa imalira nthawi yaitali osazima chifukwa ikulephera kufikitsa presha pamene switchi imaizimitsira, pomwe yanuyo ikufikitsa presha m'kanthawi kochepa zedi, kusonyeza kuti mphamvu ilipo. Mwa zomwe mwalembazi ine ndikuona matenda awiri osiyana, lina la masana lina la usiku, ndipo onse awiri nthawi zambiri sakhala mu pampumo.

Tiyambe ndi kathanki kabuluuko chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti ndi kosungira madzi basi. Ntchito yake yeniyeni ndi kusunga mpweya. Mkati mwake muli labala yangati chubu cha mpira, madzi amalowa mu labalamo, kunja kwa labalayo kuli mpweya wopopedwa. Madzi sapanikizika koma mpweya umapanikizika, ndiye pampu ikamakankha madzi mpweya uja umafinyika, mukatsegula mpope ndi mpweyawo umene umakankha madzi kupita m'nyumba pampu ili chete. Switchi ija imangoyang'ana presha: ikatsika kufika mwachitsanzo pa 2 bar (bar ndi muyezo wa presha) imayatsa, ikakwera kufika 3.5 bar imazimitsa. Ena mupeza geji yawo ikuwerenga ma psi, omwe ndi muyezo wina wa presha, switchi zambiri zimabwera zitatcheredwa pa 20 ndi 40 kapena 30 ndi 50. Kathanki ka malita 24 kakakhala kabwinobwino kamakupatsani madzi pafupifupi malita 7 pampu isanayake, osakwana ndi theka lomwe la ndowa ya 20. Tsopano mpweya uja ukathawa kapena labala ikaboola, thanki yonse imadzala madzi okhaokha, palibenso chofinyika, mukangotunga kapu imodzi presha yagwa, pampu yayaka, masekondi awiri presha yadzadza, yazima. Ndi tcha tcha mukumumvayo.

Musaitenge mopepuka nkhaniyi poti madzi akutulukabe. Mota ikamadzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa ikamayenda, imatenthanso, ndipo imafuna iyende kwa mphindi imodzi kapena kuposa kuti madzi odutsa aiziziritse. Kampani ya Franklin Electric, yomwe imapanga mamota a pampu za m'mijigo, imanena m'buku lake kuti mota ya single phase (yogwiritsa magetsi wamba a m'nyumba) yofika 0.75 hp (hp ndi muyezo wa mphamvu ya mota) isapose kudzuka ka 300 pa maola 24, ndipo yoyambira 1 hp kufika 5.5 hp isapose ka 100. Ndiye werengani nokha, ngati yanuyo ikudzuka pa masekondi 10 aliwonse, munthu mmodzi kusamba mphindi 10 ndi ka 60 kameneko, nanga ana, nanga kuchapa. Pulambala uja mwina sananame kwenikweni, wangofulumira, mukaisiya chonchi miyezi ingapo pampuyo ipsadi.

Kuyeza thankiyo simufunika munthu. Zimitsani magetsi a pampu pa breka, osati kungodalira switchi, tsegulani mpope wapafupi madzi atuluke mpaka asiye, geji ifike pa ziro, mpopewo muusiye chitsegukire. Kumbuyo kapena pamwamba pa thanki pali kachivindikiro kapulasitiki, mukakamasula mupeza valavu yomweyi ya tayala la galimoto. Tengani kamsomali mudinikize kapini ka pakatipo pang'ono. Pakatuluka madzi, ngakhale madontho osakanikirana ndi mpweya, nthawi zina a dzimbiri onunkha, labala yang'ambika, nkhani yatha. Pakakhala zii osatuluka kalikonse ndiye kuti mpweya unathawa wonse. Pakatuluka mpweya wouma, bwerekani geji yoyezera matayala muone kuti ulipo wochuluka bwanji. Yesaninso kuigwedeza thankiyo, poti mwakhuthula madzi iyenera kupepuka, ikakhala yolemerabe nkumamveka khuvukhuvu mkati ndiye kuti madzi ali kumene sayenera kukhala.

Mpweya woyenera ndi wochepera pang'ono presha imene pampu imayakira, ndi 0.2 bar kapena 2 psi. Ngati imayaka pa 2 bar popani 1.8, ngati imayaka pa 30 psi popani 28. Kuti mudziwe pamene imayakira, musanazimitse magetsi muja imani pa geji wina atsegule mpope, muone singano ili pati pamene switchi ikuti tcha koyamba. Pampu ya njinga kapena yopondera ya galimoto imakwanira pa kathanki kotere. Apa ndi pamene ambiri amasokoneza, amapopa thanki ili ndi madzi a presha mkati, geji ya tayala nkumawaonetsa presha ya madziwo iwo nkumati mpweya ulimo. Ayi, madzi ayambe atuluka onse ndipo mpope ukhale wotsegula mukamapopa. Musapyolenso muyezo poganiza kuti wambiri ndiye wabwino, mukapopa kuposa pamene pampu imayakira thanki imatha madzi switchi isanadzuke, mu shawa madzi amaduka kaye kenako nkubwera mwadzidzidzi. Mukamaliza pakani thovu la sopo pa valavupo, likamatupa ndiye kuti kapini kakutulutsa mpweya, anyamata okonza matayala amakhala nato timapini timeneti ndipo nkotchipa. Pakatha sabata yezaninso. Ngati mpweya watsikanso valavu ili bwino, labala ili ndi kabowo.

Labala ikang'ambika onani kumene paipi imalowera mu thanki. Ngati pali chitsulo chozungulira chomangidwa ndi mabawuti, mumamasula nkusintha labala yokhayo, koma yakaleyo muinyamule popita ku hadiweya, kaya mtauni muno kaya ku Limbe kapena ku Blantyre, chifukwa kukamwa kwake kumasiyanasiyana ndipo wogulitsa adzakuuzani kuti zonse ndi chimodzimodzi. Suzumirani mkati mwa thankimo ndi tochi, ngati dzimbiri ladya kwambiri labala yatsopano ikhulika nkubookanso, bola kugula thanki ina. Mathanki owotcherera opanda mabawuti sakonzeka.

Tsopano za usiku. Thanki yopanda mpweya payokha singayatse pampu mipope yonse ili yotseka, imangokulitsa vuto. Pampu ikamayaka palibe amene akutunga ndiye kuti madzi akuthawira kwinakwake, funso ndi loti akupita kutsogolo ku nyumba kapena akubwerera pansi mu mjigo. Pa paipi yochoka pa thanki kupita ku nyumba payenera kukhala valavu yotsekera, ngati palibe uzani pulambala aikepo, ndi kanthu kochepa koma kamapulumutsa zambiri. Dikirani pampu idzadze nkuzima, tsekani valavuyo, zimitsani magetsi, jambulani geji pa foni, mubwerenso pakatha theka la ola.

Singano ikakhala pomwe munaisiya, kudonthako kuli mbali ya nyumba, ndipo woyamba kumukayikira ndi toileti. Sisiteni imatha kumataya madzi mwakachetechete usana ndi usiku osamveka, thirani kabuluu kochapira zovala mu sisitenimo musagejemule, pakapita mphindi 15 mukaona madzi a m'mbale ya toiletiyo asanduka abuluu mwampeza wakuba. Onaninso kapaipi kotayira madzi ka giza kunja kwa khoma, mpope wa panja umene ana amaseweretsa, komanso yendani motsatira paipi yokwiriridwa. Nyengo yotentha ngati ya Okutobala zimaoneka mosavuta, bwalo lonse lili gwa kuuma koma pamalo pamodzi udzu uli biliwiri, dothi lake lonyowa, pamenepo kumbani.

Singano ikamatsika valavu ya ku nyumba ili yotseka, madzi akubwerera pansi. Apa ndi non-return valve, imene imalola madzi kukwera koma osabwerera, mwina kamchenga kakhala pakamwa pake ndiye sikutseka bwino kapena yangotha, apo ayi paipi yokwera kuchokera pa pampu yang'aluka kapena joini yamasuka. Amisiri ambiri amathamangira kuika non-return ina pamwamba pafupi ndi thanki, geji nkusiya kutsika, iwo nkulandira ndalama nkumapita. Ine njira imeneyi sindiikonda ikakhala yokhayo, chifukwa ngati paipi ya pansi ili ndi bowo madzi azithawabe m'menemo, mupaipi muzilowa mpweya, pampu ikayaka madzi amadzamenya valavu ya pamwambayo mwamphamvu nkumamveka gu! ndipo mipope imayamba kulavula mpweya. Zikafika apa pampu izulidwe ione kunja, ndipo iyi ndi ntchito ya anthu angapo odziwa, pokoka agwire chingwe ndi paipi, asayerekeze kukokera waya wa magetsi.

Switchi nayo muione ngakhale kawirikawiri imanamiziridwa. Magetsi ali ozima, ndikubwereza, ozima pa breka chifukwa m'menemo muli 230 V, tsegulani chivindikiro. Musadabwe kupeza nyerere zitamanga mudzi, zina zitapserera pakati pa timakontakiti, kapena mavu atamata dothi pa sipuling'i. Timakontakiti tikada nkukumbika, switchiyo ingosinthidwa. Pansi pake pali kabowo kakang'ono kolowera madzi kamene kamatsekeka ndi matope kapena dzimbiri, kakatsekeka switchi imamva presha mochedwa nkumachita zosadziwika. Muli manati awiri, yaikulu imakweza kapena kutsitsa poyakira ndi pozimira pamodzi, yaing'ono imasintha mpata wa pakati pa ziwirizi, ndiye ngati wina anaipotokola mpatawo nkuchepa kwambiri, mwachitsanzo kuyaka pa 2.5 kuzima pa 2.8, pampu iziyakayaka ngakhale thanki ili bwino. Mpata ukhale pafupifupi 1.4 bar. Koma musayambe ndi manatiwa musanayeze mpweya, mungosokoneza zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ngati pakati pa switchi ndi thanki pali fyuluta kapena valavu yotsekedwa theka, chimenechonso chimapangitsa switchi kudumphadumpha. Geji yomwe imanamanso, mukakhuthula madzi onse singano osabwerera pa ziro, gulani ina musanakhulupirire chilichonse imene ikunena.

Pali china chimene chimafanana ndi vuto lanuli koma si lomweli, ndipo miyezi yotentha mvula isanagwe chimavuta ambiri: madzi kutsika mu mjigo. Kusiyana kwake nkwakuti pampu imazima singano isanafike pozimira paja, madzi amabwera ndi mpweya, nthawi zina amatope, ndipo ikapuma kanthawi imayambanso bwinobwino. Pamenepo chikuizimitsa ndi kabokosi koteteza kuti isayende popanda madzi kapena kachitetezo ka kutentha ka mu mota, zomwe zimachitikanso capacitor, kachipangizo kothandiza mota kudzuka, ikafooka kapena magetsi akabwera ochepa mphamvu. Izi muitanire wa zamagetsi ayeze. Mwa zomwe mwalemba sindikuganiza kuti ndi zanu, koma poyang'ana geji muja muonetsetse kuti ikuzima itafikadi pamwamba. Anzathu a kumunsi cha ku nyanja ya Chilwa ali ndi lawonso, mijigo ina kumeneko madzi ake ndi amchere ndipo amadya zitsulo msanga, mavalavu ndi majoini sakhalitsa.

Chomaliza, ndipo apa ndikunena maganizo anga, kathanki ka malita 24 nkakang'ono pa pampu ya mjigo ngakhale katakhala katsopano. Tiyerekeze kuti pampu yanu imatulutsa malita 30 pa mphindi, malita 7 aja iwadzadza m'masekondi 14 okha, mphindi imodzi ija siikwana. Thanki ya malita 100 imapereka pafupifupi malita 30, apo ndiye zikugwirizana. Kuti mudziwe za pampu yanu tengani ndowa ya 20 ndi wotchi ya pa foni pa mpope wapafupi ndi mjigo. Koma mukanandifunsa kuti ndalama imene mumafuna kugulira pampu ija muiike pati, ndikanati thanki yaikulu ya pulasitiki pa sitandi yokhala ndi float switch, switchi yoyandama imene imazimitsa pampu thanki ikadzadza, pampu izidzadza kamodzi kapena kawiri pa tsiku nkupuma, magetsi akazima madzi muli nawobe. Dziwani chabe kuti mamita 10 a kutalika ndiwo amapereka 1 bar, ndiye sitandi ya mamita 6 ikupatsani pafupifupi 0.6 bar, shawa siikhala yaukali ngati munazolowera pokhapokha mutaikapo kapampu kena kothandizira.

Pakadali pano musaisiye izidziyatsa yokha. Muziyatsa pa breka, mutsegule mpope wonse kuti iziyenda osadukiza, mudzadze migolo ndi ndowa kenako muzimitse, usiku izigona yozima. Mukayeza mundilembere zinthu zinayi: singano ili pati ikamayaka, ili pati ikamazima, chatuluka pa valavu ya thanki ndi chiyani, komanso ngati singano inatsika mutatseka valavu ya ku nyumba.