Tomcat yanu musaichotse penti, achimwene: za ma decal otuwa ndi litsiro la chaka cholakwika

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa owerenga athu ena okhala ku Johannesburg, ndipo anatumizanso zithunzi za chidole cha pulasitiki chomwe amanga, cha ndege yankhondo ya ku America yotchedwa F-14 Tomcat. Funso lawo ndalifupikitsa pang'ono:

"Ndamanga F-14A Tomcat ya kampani ya Tamiya, ya 1/48 (yochepa ka 48 poyerekeza ndi yeniyeni), ndipo ndinasankha zizindikiro za gulu la ndege la VF-84, zija za chigaza ndi mafupa pamchira. Nditapenta ndinamata ma decal pomwepo, koma atauma akuoneka otuwa m'mbali monse. Kenako ndinathira penti wakuda m'timizere tonse kuti ioneke yogwira ntchito, monga ndinaonera pa zithunzi za pa intaneti. Akunyumba akuti ikuoneka ngati yapsa. Kodi ndichotse penti yense ndiyambirenso?"

Achimwene, musachotse. Ntchito yovuta kwambiri munaigwira kale bwino. Pa zithunzi zanu misoko ya pamphuno siikuoneka, galasi la woyendetsa ndi loyera, miyendo yaima mowongoka. Zimene zavuta ndi ziwiri, ndipo zonse zimakonzeka ndege ili chomwecho. Pali chachitatu chomwe simunafunse, koma ndi chimene ndikufuna tikhalepo nthawi.

Tiyambe ndi ma decal, zizindikiro zomata pa ndege zija. Chizindikiro chilichonse chimasindikizidwa pa kachikopa kopyapyala koonekera mkati, ndipo kachikopako kamapitirira pang'ono m'mbali mwa chizindikirocho. Penti wosawala, mukamuyang'ana ndi galasi lokuzira zinthu, mupeza kuti ndi wokhakhala, wodzaza timaenje tosaoneka ndi maso. Kachikopa kaja kakagona pamenepo kamangokhudza pamwamba, mpweya n'kutsekeredwa m'timaenjemo. Kuwala kukafika pa mpweya umenewo kumabwerera kotuwa ngati siliva. Aliyense amene anamatapo galasi loteteza foni akudziwa thovu lija lokana kutuluka. Nkhani yake ndi yomweyo, kungoti apa timathovu take ndi tambirimbiri.

N'chifukwa chake tisanamate kanthu timayamba tapopera vanishi wowala ndege yonse. Ambiri amagwiritsa ntchito Tamiya X-22, koma aliyense wowala amene sadya penti wanu ndi wabwino. Mupopere mopyapyala kawiri, muisiye tsiku lathunthu, mpaka chala chiziterera mukakhudza. Decal muidule payokha, muiviike m'madzi ofunda masekondi 10 kapena kuposerapo pang'ono, muiike pa kapepala kopukutira mpaka iyambe kuyenda yokha pa pepala lake. Osaikakamiza, imang'ambika. Pamalo pomwe ikupita mupakepo Micro Set, ya botolo la malembo a buluu, yothandiza kuti decal imatirire, muitsetserekere pamenepo ndi burashi yonyowa, kenako mufinye madzi ndi kathonje ka m'khutu, mukugubuduza kuchoka pakati kupita m'mbali. Mukatero mubwere ndi Micro Sol, ya malembo ofiira, yomwe imafewetsa kachikopa kuti kalowe m'timizere. Apa ndi pomwe anthu amaonongera. Decal imachita makwinya ngati yafa, mtima n'kukuuzani kuti muiwongole. Manja m'thumba, achimwene, pitani mukamwe tiyi. Ikamauma imadzikoka yokha. Ngati ku sitolo kwanu kulibe za Microscale, kampani yopanga ziwirizi, Mr. Mark Setter ndi Mr. Mark Softer zimagwira ntchito yomweyo, kungoti Softer ndi waukali, muzipaka pang'ono.

Zimenezo ndi za ndege yotsatira. Ya panoyi, tengani singano yatsopano, mubooleboole timabowo paliponse pomwe patuwa, mudonthezepo Micro Sol kuti alowe pansi, muisiye iume. Mubwereze mawa lake, ndi mkuja ngati pakufunika. Zambiri zichoka. Zotsalira, makamaka pakati pa malembo akuluakulu ngati NAVY, muzikwirire ndi penti wa thupi la ndegeyo pogwiritsa ntchito burashi yosongoka kwambiri. Vanishi womaliza akadutsapo palibe adzadziwe.

Tsono timizere takudato. Tiwerengere limodzi. Tomcat yeniyeni ndi yaitali mamita 19 ndi pang'ono, ndipo yanuyo ndi pafupifupi masentimita 40. Mpata wa mamilimita 2 pakati pa malata awiri pa ndege yeniyeni, mukaugawa ndi 48, ukutsala mamilimita 0.04, wochepa kuposa tsitsi la munthu. Timizere ta pa pulasitiki n'takale tokulirapo kuposa pamenepo, chifukwa fakitale singathe kutichepetsa mpaka kufika apo. Mukatithira wakuda bii, mukukuza chinthu chomwe n'chokula kale. Pa thupi lotuwa ine ndimaika wotuwa wakuderapo, pamalo oyera ndimaika wotuwa wopepuka wosakaniza ndi kabulauni pang'ono. Wakuda weniweni ndimamusungira malo omwe pa ndege yeniyeni palidi dzenje: mipata yotulukira mpweya, ndi pomwe zigawo zoyenda za mapiko ndi mchira zimalumikizana ndi thupi.

Pa chithunzi chimodzi ndaona botolo la Panel Line Accent Color, penti wothira m'timizere, patebulo panu. Ameneyo ndi wa enamel, ndiye ngati penti wapansi ndi wa acrylic muli ndi mwayi. Nyowetsani kathonje ndi white spirit, mankhwala osungunulira penti wa enamel, mukafinye mpaka katsale konyowa pang'ono chabe, muzipukuta kuchoka kumphuno kupita kumchira. Poti pansi panalibe vanishi wowala, wakudayo walowa m'timaenje tija ndipo sachoka yense. Musalimbane naye. Sungunulani penti wa thupi kwambiri, akhale ngati madzi, mupopere ka nkhungu pamwamba ndi airbrush, kachipangizo kopopera penti, mukuzemba zizindikiro zamitundu. Timizere tizilala, ndipo kuda kotsalako kusanduka mthunzi wabwino pansi pa penti. Chenjezo limodzi: white spirit asakhazikike pa miyendo ndi tizigawo tina topyapyala, amafooketsa pulasitiki mpaka kuthyoka.

Tifike pa chimene simunafunse. Zithunzi zomwe munatengerapo nzeru zija, ndikukhulupirira kuti zinali za Tomcat za m'ma 1990 kapena 2000, zamawangamawanga, zakuda ndi mafuta pamsana ponse. Ndege zimenezo zinalikodi. Koma yomwe mwamanga inu ndi ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo nthawi imeneyo zinthu zinali zina.

F-14 inauluka koyamba mu Disembala 1970, ndipo magulu oyamba, VF-1 ndi VF-2, ananyamuka nayo pa sitima yonyamula ndege ya USS Enterprise mu 1974. Masiku amenewo asilikali apamadzi a dziko la America ankapaka ndege zawo penti wowala: wotuwa wopepuka wotchedwa Light Gull Gray pamwamba, woyera kunsi, ndi zizindikiro za mitundu yowala pamchira. Penti wowala sagwira litsiro kwambiri, ukapukuta limachoka. M'zaka za m'ma 1980 anasintha n'kuyamba kupaka mitundu itatu yotuwa yosawala, ya manambala FS 35237, FS 36320 ndi FS 36375, kuti ndege isamaoneke msanga m'mlengalenga. Penti ameneyu ndi amene ankamwa chilichonse: mafuta, girizi, mapazi a amakaniko, zikhatho zawo. Komanso panyanja mchere umadya zitsulo, choncho pakangopalika pang'ono anyamata osamalira ndege ankapala n'kupoperapo penti watsopano, amene sankafanana ndi wakale wozilala uja, nthawi zina ngakhale mtundu wake unali wina. Ulendo wa miyezi 6 ukamatha ndege inkakhala zigamba zokhazokha. Mawanga mumawakondawo anachokera kumeneko.

Ndiye mwatenga litsiro la 1995 n'kuliika pa ndege ya 1979. Kuwonjezera apo, ndege yokongoletsedwa kwambiri m'gulu, ya nambala yothera ndi 00, inkalembedwa dzina la mkulu wa ndege zonse za pa sitimayo, ndipo kawirikawiri inkasamalidwa kuposa zinzake. Ine sindine wa gulu lija lokonda kuyeza ndege za anzawo ndi rula, aliyense amange chomwe chimamusangalatsa. Koma inu mwanena nokha kuti mukufuna ioneke yogwira ntchito, ndipo ndege yogwira ntchito imada pamalo pomwe pali chifukwa.

Malo amenewo pa Tomcat ndi odziwika. Loyamba ndi mapiko. Amayenda kuchoka pa madigiri 20 kufika 68 ili m'mwamba, ndipo poimika pa sitima amapindidwa mpaka 75 kuti ichepetse malo. Gawo la phiko lomwe limalowa ndi kutuluka m'thupi limakhala ndi mikwingwirima yakuda yopindika, ngati uta, kutsatira njira yomwe phikolo limazungulira. Ubwino wa bokosi lanuli ndi woti mapiko amavuka ndi kuvalidwa mukatha kupenta, ndiye avuleni muwagwirire ntchito pambali. Lachiwiri ndi kunsi, pakati pa injini ziwiri ndi kumbuyo kwake, komwe mafuta amadontha n'kukokedwa ndi mphepo. Kumeneko mungadetse ndithu ngakhale pa ndege ya 1979. Lachitatu ndi kumanzere kwa mphuno, pakamwa pa mfuti ya M61 Vulcan ndi timipata totulutsira utsi wake, kamwaye pang'ono. Mbali yomweyo ndi komwe kuli makwerero, ndiye pozungulira timasitepe pamakhala zikhatho ndi mikwaso ya nsapato. Pamwamba pa milomo yolowera mpweya ndi pamsana ndi pomwe anthu amaponda. Kwina konse kusiyeni koyera.

Zinthu ziwiri musaike n'komwe: dzimbiri lofiira, ndi timadontho tasiliva tosonyeza kuti penti wasupuka. Zimenezo zimakhala bwino pa thanki kapena pa ndege zina za nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Pa sitima chitsulo sichinkasiyidwa pamtunda, chifukwa chomwe ndatchula chija.

Pa mikwingwirima ya mafuta, palibe choposa penti wa mafuta wa ojambula zithunzi. Machubu atatu akukwanirani kwa zaka: raw umber, Payne's grey ndi woyera, ndipo simufunika sitolo ya zidole za ndege, amapezeka kogulitsa zojambulira. Finyirani pang'ono pa katoni muusiye kwa ola kuti katoniyo amwe mafuta, apo ayi achedwa kuuma. Ndi chotokosera m'mano ikani kadontho kakang'ono pa hinji kapena pakona pa chitseko, kenako mukakoke ndi burashi yaphwatalala yonyowa pang'ono ndi white spirit, kulowera kumbuyo monga mphepo imayendera. M'mbali mwa thupi ina ipite pansi, chifukwa ndege imatha nthawi yaitali itaima kuposa ikuuluka. Penti ameneyu amachedwa kuuma, ndiye mukaona kuti mwachulutsa mumangopukuta. Muzigwira kagawo kamodzi, muime, muiyang'ane muli pamtunda wa mkono umodzi. Ikayamba kuoneka bwino pamenepo, lekani.

Ngati mtima wanu ulidi pa Tomcat yamawanga, mumange ina. Tamiya inatulutsa F-14A iyi mu 2016 ndipo F-14D inatsatira mu 2018. Ulendo womaliza wa Tomcat panyanja unali wa VF-31 ndi VF-213 pa USS Theodore Roosevelt, unatha mu Malichi 2006, ndipo ndegeyi inapuma ntchito ku America mu Seputembala chaka chomwecho. Zithunzi za nthawi imeneyo n'zochuluka komanso zooneka bwino. Sankhani ndege imodzi, nambala imodzi, mutsatire zigamba zake momwe zilili, pogwiritsa ntchito mitundu itatu ija, wina wowonjezera woyera pang'ono, wina wakuda pang'ono. Zigamba zenizeni zimatsata m'mphepete mwa malata ndi pa zomangira, sizimwazika chisawawa. Za ku Iran, dziko lomwe linalandira Tomcat 79 m'ma 1970, ndi nkhani inanso: kunalibe sitima, kunali dzuwa ndi fumbi, ndiye kumeneko penti amazilala m'malo moda.

Kubwerera ku yanu, vanishi womaliza asakhale wosawala kotheratu. Ndege ya m'ma 1970 imafuna wowala pang'ono, wapakatikati. Musapopere tsiku la mvula kapena m'mamawa kuli chinyezi, chifukwa vanishi amatha kuyera mbuu ngati ufa, ndipo a kumudzi kuno m'dzinja muzisamala kwambiri pamenepa. Galasi mulikwirire ndi tepi, ikhalebe mpaka vanishi atauma. Galasilo likachoka mwangozi, mulimate ndi guluu woyera wa matabwa, osati supaguluu, amene nthunzi yake imachititsa khungu pulasitiki yoonekera.

Kumatako kwa injini muike pomaliza penipeni, vanishi asakukhudze, chitsulo chizioneka chitsulo. F-14A inali ndi injini za TF30, ndipo ikaimikidwa nthawi zambiri kamwa limodzi linkakhala lotseguka, linalo lotsekeka, chifukwa cha momwe ankazimitsira injinizo imodzi imodzi. Ndaona kuti inu munaika onse awiri otseguka. Ngati guluu wake sanagwire kwambiri ndipo zotsekeka zija mukadali nazo m'bokosi, sinthani limodzi, ndipo mukatha kupukuta munditumizirenso zithunzi za kunsi, chifukwa pa zomwe ndili nazo sindikukuona.