Kodi ndimete ndisanalowe ku fiyeta?

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira funso pa imelo. Ndi woyembekezera, ndipo kusikelo amuuza kuti adzachira kudzera pa opaleshoni ku Chatinkha, ku Queens. Apongozi ake akuti agule lezala, amete kumusi konse usiku woti mawa akulowa, "kuti madokotala asakanyansidwe". Mng'ono wake bala linatukusira atachitidwa opaleshoni kwinakwake, ndiye mtima suli m'malo. Akufunsa ngati amete, komanso ngati mankhwala ofiirira amene amapaka pamimba aja amatetezadi.

Mayi, lezalayo musagule. Ngati mwagula kale, apatseni bambo a kunyumba ametere ndevu.

Apongozi anu sakukufunirani zoipa. Kale zipatala zomwezi zinkameta odwala, mwina nawonso anametedwa pa nthawi yawo. Koma lezala, ngakhale yatsopano, imasiya timabala tosaoneka ndi maso. Mukameta madzulo, tizilombo timapeza usiku wonse woloweramo ndi kuswana, pomwepo pamene mpeni udzadutse m'mawa, poti pa opaleshoni yotulutsa mwana amacheka m'munsi mwa mimba, pafupi ndi pamene tsitsi limayambira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2016, linanena mosapita m'mbali kuti tsitsi lisachotsedwe, ndipo ngati likutchinga, lichotsedwe ndi makina ometera, osati lezala. Mukakumana ndi namwino wokuuzani kuti mumete, funsani mwaulemu ngati angangolifupikitsa ndi makina kapena sizasi nthawi yolowa ikayandikira. Za kunyansidwazo iwalani, anthu a ku fiyeta aona zambiri.

Ambiri amaganiza kuti bala limatukusira chifukwa cha mpweya wa m'wodi kapena wodwala wa pabedi loyandikana. Nthawi zambiri tizilomboto timachokera pathupi pa mwini bala. Kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus kamakhala m'mphuno kapena pakhungu pa munthu mmodzi mwa atatu alionse, phee, osamudwalitsa, mpaka khungu litang'ambidwa. Mantha anu ali ndi pogwira: WHO imati m'mayiko osauka odwala 11 pa 100 alionse ochitidwa opaleshoni bala limatukusira, ndipo mu Africa muno, mwa amayi ochira pa opaleshoni, chiwerengerocho chimatha kufika 20 pa 100.

Tsopano za mankhwala opaka. Alipo awiri odziwika. Ofiirira aja ndi ayodini. Enawo ndi chlorhexidine wosakaniza ndi sipiriti, amene kawirikawiri amamuika mtundu wa pinki kuti aone pamene apaka. WHO inasankha achiwiriwa, ndipo kafukufuku wina wa ku America wa 2016, pa amayi ochira pa opaleshoni, anapeza kuti mabala anatukusira mwa amayi 4 pa 100 opakidwa chlorhexidine, pamene mwa opakidwa ayodini anali 7 pa 100. Koma mu 2021 munatuluka zotsatira za kafukufuku wa FALCON, amene anachitika pa odwala 5,788 m'mayiko asanu ndi awiri, kuphatikizapo Rwanda, Ghana, Nigeria ndi South Africa. M'zipatala zofananako ndi zathuzo, kusiyana kwenikweni pakati pa mankhwala awiriwa sikunaoneke.

Ndiye mukadzaona pamimba panu pali pofiirira, musadzati akupatsani zotsika mtengo. Ine ndimaona kuti nkhani yagona pa kapakidwe. Mudzayamba kumva kuzizira kumsana, akupukuta asanakubayeni jakisoni wochititsa dzanzi. Kenaka pamimba: wopaka amayambira pamene adzacheke, n'kumazungulira chotulukira kunja, mpaka kunthiti ndi kuntchafu. Thonje limene lafika m'mbali silibwereranso pakati, limatayidwa. Akatero amadikira kuti paume, mphindi zitatu kapena kuposerapo. Kudikira kumeneku n'kumene kumavuta usiku, odwala ali pamzere, aliyense akufuna kufulumira, koma mankhwala amafuna nthawi yoti aphe tizilombo, ndipo sipiriti wosauma amatha kuyaka akakhudzana ndi makina owotchera mitsempha yotaya magazi. Musadzadabwenso akakutsukani ndi ayodini njira ya mwana. Kumeneko kumachokeranso tizilombo tokwera ku chiberekero. Jakisoni wa mankhwala opha tizilombo nayenso amaperekedwa mpeni usanakhudze khungu. Ngati ayodini kapena mankhwala ena anakutulutsanipo ziwengo, nenani musanagone pabedi lija.

Mbali yanu ndi yosavuta. Sambani thupi lonse ndi sopo wamba usiku, musambenso m'mawa. Sopo wodula wolembedwa kuti amapha majeremusi ngwosafunikira. Tsukani bwino pamchombo, pansi pa mimba pamene khungu limapindika, ndi m'mphechepeche, koma osakhula ndi mwala kapena chinkhupule cholimba mpaka kusupuka. Mukatero musadzole Vaseline, mafuta alionse kapena paudala. Valani chitenje chochapa. Mukudziwa mmene mipopi imachitira kwathu kuno, tungirani madzi mu ndowa dzulo lake. Mukaona chithupsa kapena zilonda pafupi ndi pamimba, kapena ngati muli ndi shuga, auzeni asanakulowetseni.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kunyumba, chifukwa mabala ambiri amaonetsa vuto mayi atatuluka kale, sabata yoyamba kapena yachiwiri, ngakhale mpaka masiku 30. Kumeneko madokotala amachuluka. Uyu abwera ndi zitsamba, uyo atsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake pabala, wina afuna kukuthowani ndi madzi otentha, wina akumangeni chitenje kuti mimba ibwerere. Pabala pasafike chilichonse mwa izi. Aliyense wofuna kuona bala, inu nomwe, asambe kaye m'manja ndi sopo. Nyengo yotentha thukuta limadikha pansi pa mimba, ndiye mukasamba nyamulani khungulo pang'ono, muumitsepo ndi kansalu koyera mogundagunda, osakhula. Apongoziwo muwatenge tsiku lina kusikelo akamve okha kwa anamwino, zimapepuka kusiyana n'kuti mtengwa awatsutse.

Bala labwino ululu wake umachepa tsiku ndi tsiku. Mukaona ululu ukuwonjezeka, m'mbali mwa bala mwatupa, mwatentha kapena mwafiira, mukutuluka mafinya kapena madzi onunkha, ulusi ukumasuka, kapena thupi latentha n'kumanjenjemera, musadziuze kuti ndi malungo n'kukagula mankhwala pa golosale, ndipo musadikire tsiku limene anakulemberani m'buku. Pitani tsiku lomwelo kuchipatala cha Chilomoni kapena mubwerere ku Queens, buku lanu lakuchipatala lili m'manja.