Yambani ndi Kalulu ndi chitsime

Amayi, mwafunsa mmene mungathandizire mwana wanu wa Sitandade 5 kuti agwire mawu a Chingerezi akuti "because" ndi "so". Buku la kusukulu liyambe ladikira. Musimbireni m'Chichewa nthano ya Kalulu amene anakana kukumba chitsime nthawi ya chilala, anzake n'kumuletsa kumwako. Kenako mufunseni kuti analetsedweranji, iye ayankhe m'Chingerezi: "because he refused to dig."

Ine ndinayesa ndi mdzukulu wanga kuno ku Nchalo, tili pamkeka usiku, kutentha kwa Okutobala kutatithawitsa m'nyumba. Mwana wa kuchigwa kuno ludzu amalidziwa, ndiye sanavutike. Pa "so" pokha tinalimbana masiku atatu, ankangoyamba ndi zotsatira, choyambitsa n'kubwera pambuyo, pomwe pa "so" choyambitsa ndicho chimakhala patsogolo.

Koma ngati mwana wanu mukamuitana sacheuka msanga, kapena amavutika kulankhula ngakhale Chichewa chomwe, kambiranani ndi aphunzitsi ake, ndipo akamuyeze makutu kuchipatala.