Appease musalembe m'kalatamo achemwali, ine zinandionekera

Achemwali amene mwafunsa mawu oti mulembe m'kalata yopita kwa asupavaiza anu amene mwasemphana nawo, chonde musalembemo appease, ngati cholinga chanu nchoti muyambirenso kuyankhulana bwino lembani reconcile basi. Ena mmakomenti umu akuti ndi chimodzimodzi, ayi ndakana, ine mawu amenewa sindinawaphunzire mkalasi ndinawaphunzira ndi misozi.

Ndinkagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina ku Limbe, dzina sinditchula. Tsiku lina Lachisanu cha m'ma 4 koloko kunapezeka kuti K480,000 sikuoneka m'buku, ndiye abwana athu osafunsa, osayang'ana kaye mapepala, anangotuluka muofesi mwawo akukuwa kuti amene amagwira kashi ndi ine. Anaitana mlonda wapageti kuti andiseche chikwama anthu onse akuona. Abale inu. Mlondayo bambo wachikulire amene ndinkawagaira tiyi m'mawa uliwonse, manja akunjenjemera maso ali pansi, kukhuthula chikwama changa padesiki. Munatuluka mapadi, mafuta odzola, kontena ya nsima ndi usipa yomwe sindinadye masana chifukwa cha ntchito yawo yomweyo, kabuku ka kusikelo ka mwana wanga, ndi timakobidi ta minibasi. Padi imodzi inagwera pansi pafupi ndi nsapato ya abwanawo, palibe anaitola, iwo anangoisuntha ndi phazi. Kamnyamata kena ka kusitolo kanaseka kenako nkumanamizira kutsokomola. Ine ndinangoti njoo thukuta likuyenderera kumsana, pakhosi pouma, ndikufuna kuyankhula mawu osatuluka. Sindinalire pamenepo. Ndinakalirira muminibasi ya ku Bangwe mpaka kondakitala anachita manyazi kundifunsa ndalama.

Lolemba ndinapita ndithu, nanga ana adya chani. Ndinakhala pansi nkuyamba bank reconciliation, ntchito yomwe ndinkapanga mwezi ndi mwezi, buku lathu uku sitetimenti yakubanki uku, kumayenda mzere ndi mzere ndi rula mpaka zigwirizane. Isanakwane 10 ndinaipeza ndalama ija. Cheke chomwe abwana omwewo anasainira wa mafuta a jenereta nkuiwala kundipatsa pepala lake. Palibe anaba kanthu.

Mukuganiza anapepesa? Mxii. Lachitatu kunabwera imelo, amalembera mayi wa HR, woyang'anira za antchito, koma anandiikamo mwangozi, imati let's give her something to appease her. Ine kupusa ndinangomva peace mkatimo nkumati eee abwana akufuna mtendere, mtima wawagunda. Anandipatsa vocha ya K30,000 yokagulira zinthu ndipo ndinalandira ndi manja awiri nkuthokoza, ine wosechedwa uja kuthokoza! Achimwene anga amaphunzitsa Chingerezi kusekondale, nditawaonetsa imeloyo anangogwira kukamwa. Anati mlongo wanga apa sanakupepese, akutseka pakamwa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinawafufuza mawuwa ngati ndikulemba mayeso. Peace ndinamva uja alimodi, appease anachokera ku Chifalansa chakale apaisier, mkati mwake muli pais, mtendere, kuchokera ku Chilatini pax. Koma funsani kuti mtendere wa ndani. Ndi wa munthu amene phokoso lamukwana, amakuponyera kenakake kuti ukhale chete, ngati mwana akulira patchalitchi umupatse bisiketi. Nkhani yake simunaikambe. Ndiye mawuwa anadzanunkhiratu mu 1938 pamene nduna yaikulu ya Britain Neville Chamberlain anapita ku Munich ku Germany nkukavomera kuti Hitler, mtsogoleri wa Germany, atenge chigawo cha Sudetenland cha dziko la Czechoslovakia poganiza kuti akakhuta asiya. Anabwerera ku London akukupiza kapepala kuti wabweretsa mtendere. Mu March 1939 Hitler analowa mbali yotsala ya dzikolo, mu September analowa Poland, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse nkuyamba. Kuchokera apo mzungu akamva appeasement amamva mantha ndi kugonjera munthu wankhanza. Ndiye inu mukalemba I want to appease you, asupavaiza anuwo ngati Chingerezi amachidziwa amva kuti mukuwatenga ngati chilombo chofunika kuchiponyera fupa. Mwaputanso ina.

Azibale ake a appease ndi omwewo. Pacify nayenso ndi wa pax yemweyo, ndipo ku America kamphira koyamwitsa mwana kuti atonthole amakatchula pacifier, ndiye onani nokha. Placate ndi wa Chilatini placare, kuziziritsa mkwiyo, ndi pachibale ndi placebo, mankhwala opanda mankhwala aja amene amangokusangalatsa mtima, vocha yanga ija inali placebo yeniyeni kkkk. Mollify ndi wa mollis, chofewa, kumufewetsa munthu. Onsewa wina ali pamwamba akusisita mnzake kuti asavute.

Reconcile ndi nkhani ina. Re ndi kubwereza, conciliare ndi kusonkhanitsa anthu pamodzi, kuchokera ku concilium, msonkhano, komwenso kunachokera council, khonsolo yomweyi. Ndiye kuti pamafunika awiri, mukhale pansi, wina anene wina ayankhe, ngati ankhoswe akakuitanani, sangamve mbali imodzi nkuti yatha. Nchifukwa chake ku Joni tsankho litatha komiti ya Desmond Tutu ija inayamba kumva anthu mu 1996 anaitcha Truth and Reconciliation, chilungamo chiyambe chatuluka poyera kenako muziyanjana. Ndipo ine chimandiwawa nchoti mawu amenewa ndinali nawo padesiki panga zaka zonse. Ku akaunti sungachite reconcile ponyengerera manambala, pomwe pasiyana uyenera upapeze upaloze ndi chala kuti cholakwika ndi ichi anachita ndi uje. Abwana aja chala chimenecho ndi chomwe ankachithawa.

Ndipo mayi wa HR uja ndi amene amandinyansa kuposa abwanawo, mzimayi mnzanga, wamvano, amavala yunifomu Lachinayi lililonse, anaona padi yanga ili pansi. Ndinapita kwa iye kuti ine vocha sindikukana koma abwana anene pamaso pa anthu omwe aja kuti sindine wakuba, mawu awiri okha. Akuti asisi musakuze nkhani, mukhululuke ndinu mkhristu. Kukhululuka munthu asanapemphe? Kenako abwanawo anadzandiitana muofesi, chitseko chotseka, nkuyankhula mphindi makumi awiri kuti anali ndi pulesha, maoditala anali pafupi, aliyense akanachita chimodzimodzi. Pomaliza akuti take that as my apology. Achimwene aja nditawauza anaseka mpaka kugwetsa foni, akuti sananame, apology anachokera ku Chigiriki apologia ndipo poyamba ankatanthauza kudziteteza pabwalo la milandu, ngati zomwe anayankhula Socrates, munthu wanzeru wakale wa ku Greece, ku Athens akuzengedwa mlandu, sanapepese munthu iye uja. Pamene sorry yemwe timamupeputsa uja ndi wa sore, bala, kunena kuti nanenso zikundipweteka. Atone ndiye wophweka, ndi at one, kukhalanso amodzi. Amenewa sindinawamve mkamwa mwa abwana aja mpaka ndinachoka. Amene ananena pepani mwana wanga ndi mlonda uja, pageti, atavula chipewa, munthu woti anangotumidwa.

Ndiye lembani kuti mukufuna mukhale pansi and reconcile, pomwe munalakwa inu nenani sorry mosazungulira, osayamba ndi koma. Komanso achemwali ndisakunamizeni, kalata yokha siigwira ntchito ngati asupavaiza anuwo ali ngati abwana anga aja. Muwaone kaye. Ngati ndi ouma mtima ndipo kontilakiti yanu ikutha posachedwa, anyengerereni basi, moni wa m'mawa, mwatchena bwanji lero, kaya kachitenje pa tsiku lawo lobadwa, chitani appease ndi manja koma papepala musalembe. Ine ndikulankhula pano vocha ija ndinakagulira mafuta ophikira, shuga ndi matewera, ndipo ndinakhalanso zaka ziwiri ndikuwasekerera abwana omwewo mano onse panja mpaka nditapeza kwina. Akakupatsani ndalama landirani, musachite matama, ngakhale mawu oti pay anachokera ku pacare, kutontholetsa munthu amene uli naye ngongole, wa pax yemwe uja. Kungoti ine ndikanadziwa ndikanati K30,000 yachepa.

Kalatayo musanatumize iponyeni ku inbox ndiione, ndipo musunge kope yanu kunyumba osati mukompyuta ya kuntchito.