Ndamwa diazepam miyezi itatu, kodi ndingosiya?

Mayi wina wandilembera pa imelo. Akuti amuna awo atamwalira tulo tinasowa, mtima unkangothamanga, ndipo adokotala anawapatsa diazepam wa 5 mg woti amwe sabata ziwiri. Mapiritsi atatha anayamba kugula okha, ndipo tsopano yatha miyezi itatu. Akufunsa ngati angangosiya mawa.

Mayi, pepani kwambiri ndi imfayo. Koma chonde, musasiye mwadzidzidzi.

Diazepam, yemwe ambiri timamudziwa ndi dzina loti Valium, amawonjezera mphamvu ya GABA, kemikolo ya mu ubongo imene imakhazika mitsempha pansi. Munthu akamamwa tsiku ndi tsiku, ubongo umazolowera n'kuyamba kudalira piritsilo. Mukadula kamodzin'kamodzi, thupi limanjenjemera, thukuta limangotuluka, tulo timasoweratu, nkhawa imabwerera yoposa poyamba paja, ndipo ena amafika pogwa n'kumaphupha ngati akhunyu. N'chifukwa chake mankhwalawa amaperekedwa kwa sabata 2 mpaka 4 zokha. Inu nthawiyo mwaipitirira kale, ndiye bwererani kwa adokotala mukawauze zonse: mumamwa mapiritsi angati patsiku, ndipo munayamba liti. Musachite manyazi kunena kuti mwakhala mukugula nokha, chifukwa popanda kudziwa zimenezo sangakuwerengereni bwino. Iwo azikuchepetserani pang'onopang'ono, ndipo zimatha kutenga masabata kapena miyezi.

Pakadali pano, chimene ndikuopa kwambiri ndi kusakaniza. Mowa uliwonse, kaya ndi wa m'botolo, chibuku kapena kachasu, musaulawe n'komwe. Mankhwala amphamvu opha ululu monga tramadol, codeine ndi morphine akakumana ndi diazepam amafooketsa kapumidwe, moti munthu amatha kugona osadzukanso. Ngakhale Piriton yemwe timamwa tikadwala chimfine uja amawonjezera tulo. Auzeni a m'nyumba mwanu kuti akaona mukuvuta kudzutsa, mukupuma movutikira kapena milomo yasintha mtundu, akuthamangitsireni kuchipatala nthawi yomweyo, atanyamula paketi ya mankhwalawo.

Diazepam amakhalitsa m'thupi kupitirira tsiku limodzi, choncho piritsi la usiku limatha kukusiyani ndi chizungulire m'mawa. Musayendetse galimoto kapena njinga yamoto mukamamva choncho. Simunanene zaka zanu, koma kwa achikulire ngozi ya kugwa ndi kusokonezeka mutu imakula. Ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa, kapena muli ndi vuto la chiwindi kapena la kupuma, adokotala adziwe. Mapiritsiwo asungeni patali ndi ana, ndipo musagawireko mnzanu amene akudandaula za tulo.

Chisoni cha maliro nachonso chikufuna chithandizo chakechake, ndipo diazepam sachichiza. Mukapita kuchipatala, funsani za anamwino a zamaganizo kapena aphungu. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amagwiranso ntchito imeneyi. Ngati nkhawa ikupitirirabe, alipo mankhwala ena monga fluoxetine omwe adokotala angakulembereni kuti mumwe kwa nthawi yotalikirapo.